Chandamale cha Sitima ya Nelia

Nelia Chikuse anali asanaionepo nyanja yamchere, komabe anamanga sitima yankhondo. Anaimangira pakompyuta, m'kaofesi kena mumzinda wa Lilongwe, mmene ankagwira ntchito ndi anzake ochepa. Ntchito yawo inali youmba zinthu za m'magemu a pakompyuta: nyumba, mitengo, magalimoto, chilichonse chimene makampani akunja opanga magemu awatuma. Mkulu wawo anali a Ignatius, bambo wa mawu ochepa, amene ankasaka ntchitozo n'kuzigawa.

Chaka chimenecho kampani ina ya ku Ulaya inawapatsa ntchito yaikulu. Kampaniyo inali ndi gemu ya nkhondo ya panyanja imene anthu ankasewera m'maiko ambiri, koma sitima zonse za m'gemumo zinali zamakedzana, za mifuti ikuluikulu. Tsopano inafuna kuonjezamo sitima yamakono, ya mtundu umene amautcha disitiroya, yonyamula mizinga youluka imene imalondola yokha chandamale chake. A Ignatius anaipereka kwa Nelia.

Ntchitoyo anaigwira ngati munthu amene wapatsidwa munda wake woyamba. Ankayang'anitsitsa zithunzi za sitima zenizeni mpaka maso kuwawa. Anaumba mphuno yake yosongoka, timakomo ta mizinga tondandalika pamwamba ngati maenje a bawo, makwerero, ngakhale dzimbiri la pamalo pamene unyolo wa nangula umakhula. Anzake akapita kukadya chipisi kumsewu, iye ankatsala akukonza mmene madzi azing'ambikira sitimayo ikamathamanga. Zithunzi zake ankatumiza kwa makolo ake kumudzi, kufupi ndi Kabudula. Bambo ake, a Yesaya Chikuse, mphunzitsi wopuma pantchito amenenso anali mkulu wa mpingo, ankazionetsa kwa aliyense wobwera kudzacheza. "Mwana wangayu," ankatero, "akumanga sitima ali kumtunda kopanda nyanja."

Sitimayo itatha, kampani ija inapempha chinanso. Inafuna gombe lokhala ndi nyumba zingapo, loti wosewera watsopano aziphunzirirapo kuponya mizinga asanakumane ndi sitima za adani. Munthu amene akanaumba gombelo anali atangosiya ntchito, ndipo nthawi inali itatha.

"Ungoikapo nyumba zilizonse," anatero a Ignatius ali chiimire pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja. "Bola zizioneka ngati msasa wa adani. Pofika Lachisanu zikhale zitapita."

Kuumba nyumba yochokera m'mutu kumachedwa, koma ukakhala ndi chithunzi umangolondola. Nelia anafufuza mufoni mwake n'kupeza zithunzi za tsiku lotsegulira tchalitchi chatsopano cha kwawo. Zinalipo zambiri, za kumaso, za kumbuyo ndi za m'mbali monse, chifukwa tsikulo bambo ake anamutuma kuti ajambule paliponse. Tchalitchicho anachimanga ndi akhristu eni ake, ndi njerwa zoumba okha kudambo, ndipo a Yesaya ndi amene ankatsogolera ntchito yomangayo.

Anadziuza kuti wosewera azichiona ali kutali pakati pa nyanja, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Anaumba makoma, nsanja yopendekeka pang'ono, ndi chitseko chachikulu cha mlombwa chosemedwapo ngala za chimanga. Pambali anaikapo mjigo, chigafa cha fodya, ndi mtengo wa kachere wolendewera chitsulo cha gudumu la lole chimene kwawo amaliza ngati belu. Atafika pa mtanda wa pansanja, anaima. Anauyang'ana kanthawi, kenaka anaufufuta. Pamalopo anaikapo mlongoti wa wailesi, ndipo nyumbayo anaitcha nkhokwe ya zida za adani. Lachisanu lisanathe anatumiza.

Chimene anaiwala, kapena anasankha kuiwala, n'chakuti mzinga wa sitima yakeyo unali ndi kamera kumphuno, moti wosewera ankauluka nawo mpaka pachandamale penipeni.

Sitimayo inalowa m'gemu mwezi wa Julayi, ndipo osewera a m'maiko akutali anaiyamikira kwambiri. Nelia anaimbira foni msuweni wake Misheck, amene anali ndi kashopu pa Nsaru kometa tsitsi, kotchajitsa mafoni, komanso kokhala ndi makompyuta akale oseweretsa magemu. "Uiikemo gemuyi," anamuuza, "uone ntchito ya manja anga."

Mu Ogasiti anaganiza zokaona makolo. Anatsika minibasi pa Nsaru Loweruka m'mawa, mphepo ikuulutsa fumbi ndi makoko a mtedza pamsika, nati adzere kaye kwa Misheck asanakwere njinga yamoto yopita kumudzi. M'kashopumo munali modzaza. Munali akabaza, ogula mtedza, ena atangosuzumira pazenera.

"Eni ake sitima afika!" anafuula wina, ndipo onse anamuombera m'manja. Nelia anaseka, kumtima kuli mbee.

"Achemwali, mwaitha ntchito," anatero bambo wina wa kabaza amene anali pakompyuta. "Koma pamene mwatipha nako kuseka ndi apa. Taimani muone."

Anatembenuzira sitimayo kugombe n'kudina batani. Kachitseko kamodzi kanatseguka pamwamba pa sitimayo, mzinga unatuluka ndi utsi woyera, unakwera, n'kuwerama. Kenaka chithunzi chinasintha. Gombe linkabwera mothamanga: mjigo, mtengo wa kachere, chitsulo cholendewera, chitseko cha mlombwa chikukulirakulira mpaka ngala za chimanga kuoneka imodziimodzi. Moto unabuka. Nsanja inagwa cham'mbali, malata anauluka ngati masamba.

"Tchalitchi cha a Chikuse chapitanso!"

"Koma chili ndi chikhulupiriro," anatero wina wa pazenera. "Ukayambiranso gemu umachipeza chauka."

Onse anafa nalo phwete.  Nelia anafuna kumwetulira kuti asaonekere, koma milomo inakana. Misheck, amene sanaseke nawo, anamugwira pamkono n'kutuluka naye kuseri kwa shopu.

"Iwe Nelia, unkaganiza chiyani?"

"Sichimayenera kuoneka pafupi choncho."

"Ine ndinachizindikira tsiku loyamba lomwe. Ndinati ndiichotse gemuyo, koma wina anali atajambula kale ndi foni. Panopa kavidiyo kake kali paliponse, mpaka pagulu la amayi a Chigwirizano a kumpingo."

"Abambo aona?"

"Amalume anabwera okha pano Lachinayi, panjinga yawo yakapalasa. Anaima pakhomo paja chipewa chili m'manja, anaonerera mpaka pamapeto, n'kubwerera. Sanalankhule ndi munthu."

Kutsidya kwa msewu kondakitala wa minibasi ankaitanira opita kutauni. Nelia anaiyang'ana minibasiyo mpaka inadzaza, inatseka chitseko, n'kunyamuka. Kenaka anaitana njinga yamoto. Wanjingayo sanamufunse kumene akupita. Ankakudziwa.

Anapeza mayi ake, a Flora, akuswa mtedza pakhonde. Anamulandira chikwama, anamupatsa madzi akumwa, n'kukhalanso pamphasa.

"Wadzera kwa Misheck?"

"Eya, amayi."

"Ndiye wamva. Usandifotokozere ine, mwanangu, ine ndinalira kale. Dikira abambo ako, ali kudimba."

A Yesaya anafika dzuwa lili paliwombo. Anatsamiritsa khasu pakhoma, anasamba m'manja mosafulumira, n'kukhala pampando wawo. Nelia anagwada chapatali.

"Mwafika, mayi? Mwayenda bwanji? Kutauni mwasiyako bwanji?"

Chibadwireni bambo ake anali asanamutchulepo kuti inu. Ankamuitana iwe, kapena Neli, ngakhale pamaso pa alendo. Ulemu umenewu unamupweteka kuposa mbama. Anayankha motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Ndikhulupirira makina anu mwabwera nawo," anatero a Yesaya. "Tandionetsani bwinobwino. Kwa Misheck kuja kunali phokoso."

Analowa m'nyumba. Nelia anaika laputopu patebulo limene bambo ake ankachongerapo makope a ana asukulu. A Yesaya anavala magalasi n'kupempha kuti ayambe aona sitimayo. Nelia anaitembenuza uku ndi uku. Iwo ankaloza, n'kumafunsa kuti ichi n'chiyani, nanga ichi chimagwira ntchito yanji, ngati mphunzitsi woyendera kalasi ya mnzake.

"Ntchito yabwino," anatero pomaliza. "Tsopano tiyeni kumtunda."

Nelia anasendeza chithunzicho mpaka tchalitchi chinaima patsogolo pawo, chathunthu, dzuwa la m'gemu likuwala pamalata. A Yesaya anachiyang'ana nthawi yaitali.

"M'katimo muli anthu?"

"Mulibe, abambo. Ndi makoma okha."

"Ngakhale mabenchi?"

"Ngakhale mabenchi mulibe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati apepukidwako. Kenaka anasendera pafupi, chala chikuloza pansanja.

"Nanga mtanda uli kuti?"

Panja nkhuku inkatetera. Nelia ankamva mayi ake akuswa mtedza, phwa, phwa, kenaka nawonso analeka.

"Ndinauchotsa."

"Anakuuzani ndi azunguwo?"

"Ayi."

"Abwana anu?"

"Ayi, abambo. Ndinachotsa ndekha."

A Yesaya anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Chichokereni kwa Misheck ndakhala ndikudziuza kuti mwana sanadziwe. Ndimati anangotola chithunzi ngati mmene munthu amatolera chikuni panjira, osayang'ana kuti chagwa mumtengo wanji. Ndimati ndikawauze zomwezo akulu anzanga. Koma munthu wochotsa mtanda ndiye kuti wadziwa chimene chiti chiigwere nyumbayo."

Nelia anayamba kufotokoza za mnzake amene anasiya ntchito, za nthawi imene inatha, za Lachisanu lija. Mawuwo ankatuluka ang'onoang'ono, ndipo iye mwini ankawamva kuti alibe mafupa. Analekeza pakati, misozi ikugwera pamabatani a laputopu.

"Sindikufunsa za Lachisanu," anatero a Yesaya, mosakweza mawu.

Nelia anatenga foni n'kutuluka. Pakhomopo mafoni ankagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola, ndipo anakwera pamenepo n'kuimbira a Ignatius. Anawauza zonse, mosasiya za mtanda.

"Tchalitchi chenicheni?" anafunsa a Ignatius. "Chimene anthu amapempheramo?"

"Mawa lomwe akapempheramo."



"Ukanandiuza," anatero a Ignatius, "tikanapempha masiku ena. Ndiwalembera eni gemu, koma sangachichotse lero. Adikira mpaka nthawi yokonzanso gemu yonse, ndipo nyumba yolowa m'malo uumba ndiwe. Ukudziwa kuti ndiyenera kuwauza chifukwa chake, eti?"

"Auzeni, bwana."

"Za m'mafoni mwa anthuzo ndiye palibe angazifufute."

Atabwerera anapeza makolo ake onse ali pakhonde. Anagwadanso n'kuwauza zimene a Ignatius ananena. A Yesaya anamvetsera akuyang'ana kumunda.

"Dzulo ndinakaonana ndi abusa," anatero. "Akuti nkhaniyi si ya bwalo la mpingo, poti palibe lamulo lolembedwa limene laphwanyidwa. Amene analemba malamulo sankadziwa kuti kudzabwera zoterezi. Ine ndawapempha kuti mawa ndisawerenge mawu m'tchalitchi. Ndikhala kumbuyo."

"Abambo, wolakwa ndine, si inu."

"Dzina limene akufuula pa Nsaru ndi langa." Anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa malaya. "Koma njerwa zija sindinaumbe ndekha. Eni ake ali m'makomo mwawo."

 A Flora anakutumula makoko a mtedza pachitenje, anachimanganso bwino, n'kuimirira.

"Tiye ndikuperekeze. Tenga makina akowo. Tiyambire kwa a Violet."

A Violet anali mkazi wamasiye wa malemu a Dickson, kalipentala amene anasema chitseko cha tchalitchicho n'kumwalira chisanatsegulidwe. Anawapeza akuzira khonde ndi dothi lakuda, manja ali matope okhaokha. Atalonjerana, Nelia anagwada pafumbi n'kunena chimene anachita. Kunena kachiwiri kunali kowawa kuposa koyamba, chifukwa a Violet sankadziwa kuti gemu n'chiyani, ndipo anayenera kuwafotokozera chilichonse m'mawu osavuta: kuti anajambula nyumba ya Mulungu, kuti anaipereka kwa anthu oti aziiombera, kuti anthuwo amatero pofuna kusangalala.

"Ndamva anthu akunena pamjigo," anatero a Violet. "Koma kafoni kangaka n'kongoimbira, maso anga sanaone. Uli nacho pompano?"

"Amayi, n'zosaoneka bwino."

"Undionetse chitseko chokha. Usaphulitse."

Nelia anatsegula laputopu pamwendo pake, anasendeza chitsekocho mpaka chinadzaza galasi lonse, n'kuchiimika pomwepo. A Violet anasamba m'manja mumtsuko wosweka, anapukuta pachitenje, n'kuwerama. Anabweretsa chala pafupi koma sanakhudze.

"Ngala iyi anaisema atayamba kale kutsokomola," anatero. "Ndinkawaletsa, iwo osamva. Ankati chitseko chopanda maluwa n'cha khola." Anaseka pang'ono, kenaka anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Akuti anthu a maiko akutali akuchiona, eti?"

"Eya, amayi."

"Asanachiphulitse amayamba achiona kaye?"

"Kanthawi kochepa chabe."

"Oho." A Violet anakhala pansi, maso akadali pachitsekocho. "Ndiye ukachichotsa m'menemo chipita kuti?"

"Chifufutika."

"Uchotse ndithu, mwanawe. Nyumba ya Mulungu si yoseweretsa, ndipo wachita zoipa, usadzinamize. Koma usanafufute, undisindikizire papepala chitseko chokhachi. Miyendo yangayi masiku ano sindifika kutchalitchi sabata iliyonse. Ndichipachike m'nyumba muno."

Nelia anavomera ndi mutu. Akanakonda kuti a Violet amukalipire, amuthamangitse ndi tsache. M'malo mwake analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbatata m'kambale, nati akadye kunyumba.

Kwina sikunali choncho. A Limbani, amene ankaotcha njerwa zija, anakana kutuluka m'nyumba. Analankhulira mkati kuti ana ophunzira a masiku ano amabwera kudzapepesa ndi makina omwewo amene alakwira nawo, ndipo Nelia anagwada pabwalo pawo mpaka mayi ake anamudzutsa. Banja lina linamulandira bwino, koma ana awo anabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumayerekeza kulira kwa mzinga. Anayenda mpaka dzuwa linapendeka, ndipo makomo ena anatsala.

Lamulungu Nelia analowa pachitseko cha mlombwa chija atawerama, n'kukhala pakati pa amayi. Palibe anamunena. Amayi ena anamusunthira malo mwaulemu, malo aakulu kuposa amene munthu mmodzi amafuna. Mawu anawerenga ndi mkulu wina wa chibwibwi, ndipo nthawi yonse imene ankalimbana ndi ndimezo, anthu ankacheukira kumbuyo kumene a Yesaya anakhala pabenchi lomaliza pamodzi ndi ochedwa, Baibulo lili chitsekere pamwendo. Nelia sanaimbe nyimbo ndi imodzi yomwe. Madzulo anamaliza makomo otsala aja.

Lolemba m'mawa, pamene ankatsanzika, bambo ake anamuperekeza mpaka pamsewu atanyamula chikwama chake panjinga.  Njinga yamoto itaima anamupatsa chikwamacho, nati, "Pita bwino. Ukafika uimbe, amayi ako asade nkhawa." Nelia anazindikira ali kale panjira kuti sanamutchule inu, ndipo analira mpaka pa Nsaru, wanjinga akuyesa kuti ndi fumbi.

Ku ofesi Nelia anaumba nyumba ina, yochokera m'mutu, yotuwa, yopanda mazenera, yosafanana ndi nyumba iliyonse imene anaionapo. Eni gemu anayankha a Ignatius mwachidule kuti amva, ndipo kumapeto kwa Sepitembala tchalitchi chija chinachoka pagombe. Sitimayo inatsala, ndipo anthu anapitiriza kuikonda. A Ignatius sanamuchotse ntchito, koma kuyambira pamenepo ankafunsa aliyense kumene watenga zithunzi zake, ndipo onse ankadziwa chifukwa chake. Misheck anamuimbira foni kuti makasitomala akudandaula, akuti nyumba yatsopanoyo siikoma kuphulitsa. A Yesaya anayambiranso kuwerenga mawu mvula yoyamba itagwa.

Pa Khirisimasi Nelia anapita ndi chithunzi cha chitseko chija, chosindikizidwa papepala lolimba, chili m'felemu yagalasi. A Violet anachipachika pakhoma loyang'anizana ndi khomo, pamene aliyense wolowa ankayamba kuona. Alendo ankachiyamikira, n'kufunsa kuti anajambula ndani. A Violet sankabisa. Ankati ndi mwana wa a Chikuse, wa ku Lilongwe uja, ndipo mlendo akati, "Uja wa sitima?" iwo ankavomera, nkhani n'kuyambiranso.